Koleti Yosokedwera Amuna

Nyengo yokolola, 2023

Linali Loweruka masana, ine ndili pakhonde kuno ku Mualadzi ndikutonola chimanga, pamene inu ana anga awiri munayamba kukangana. Munabwera kuchokera ku Tete kudzandithandiza kukolola, koma tsikulo manja anu anali pa masewera aja a nkhondo a m'telefoni, amene munthu amasankha msilikali wake n'kumuveka zovala. Iwe Tereza unasankha mkazi wa tsitsi lalitali, atavala tizitsulo tiwiri pachifuwa ndi kansalu m'chiuno, mimba ndi ntchafu zili pamtunda. Iwe Jowakimu unaseka mpaka kutsamwa.

"Ameneyu akupita kunkhondo kapena kukasamba kumtsinje?" unatero. "Muvi umodzi pamchombo, kwatha."

"Nanga wanuyo, achimwene?" unayankha iwe Tereza. "Mwamuveka zitsulo thupi lonse ngati mgolo wa petulo. Ndani angadziwe kuti ndi mkazi? Ine ndikagwetsa munthu ndimafuna adziwe kuti wamugwetsa ndi mkazi."

"Adziwe iweyo uli m'bokosi?"

"Ndi masewera awa. M'menemu munthu safera pamchombo."

"Nanga amunawo bwanji sawatumiza kunkhondo ali ndi kabudula yekha?"

"Tiyeni tifunse amayi," unatero iwe Tereza. "Amayi, inu munavalapo zoterezi. Wavala bwino ndi uti?"

Munandisendezera matelefoni onse awiri kumaso. Ndinayang'ana uyu, ndinayang'ana uyo, ndipo ndinati onse ndi okongola. Munaseka kuti amayi sakhalira mbali munthu. Lolemba munakwera galimoto, nyumba inabwerera kukhala zii monga mwa masiku onse, ndipo funso lanulo linatsala pakhonde pamodzi ndi zitsononkho. Pakamwa panga sipanandithandizepo chiyambire ndili mtsikana wa sukulu. Zimene sindingathe kunena ndimalemba. Ntchito yochotsa mabomba ndinaigwira mpaka pamene inatha m'chigawo chathu, koma za chaka changa choyamba mu koleti, chovala chodzitetezera pa ntchitoyo, sindinakuuzenipo.

1994, kubwerera

Nkhondo itatha tinabwera kuchokera ku Zambia pa lole kudzera ku Cassacatiza, ine ndi agogo anu aakazi. Agogo anu aamuna tinawasiya m'manda ku Zambia. Yunifomu ya sukulu ndinali nayo m'chikwama, ngati kuti kuno ndidzapitiriza. Munda wathu tinaupeza utasanduka tchire, ndipo mbali ya kumunsi, kumene nthaka ndi yabwino, anatiletsa kupondako chifukwa ng'ombe ya munthu wina inaphulikira komweko. Atsikana a msinkhu wanga anali kale ndi ana kumsana. Ankanditcha Mzambia, ndipo kutchalitchi akayamba nyimbo ya Chipwitikizi ine ndinkangoyendetsa milomo.

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha Chingelezi cha kusukulu. Kunabwera gulu lochotsa mamina, mabomba okwirira pansi aja, ndipo alangizi ake anali azungu. Ankafuna munthu wowamasulira pamisonkhano ya m'midzi. Sisitere wina wa ku parishi ndiye anandiperekeza, chifukwa pandekha sindikanafika ngakhale pageti. Mkulu wa gululo anali a shefi Alufandika, munthu wa ku Angonia, msilikali wakale wa msinkhu wa bambo anga. Sanali wankhanza, koma mawu ake onse ankatuluka ngati ali paperete.

"Menina, dzina?" anafunsa, kunditcha mtsikana m'Chipwitikizi.

"Anastazia," ndinatero.

"Sindinamve."

Ndinabwereza.

"Sisitere, mwatibweretsera womasulira kapena wodzaulula machimo?"

Anandilembabe, popeza panalibe wina. Ndinazindikira msanga kuti mawu a munthu wina ndimatha kuwanena mokweza. Mzungu akalankhula, ine ndinkayang'ana mtengo wa kumbuyo kwa anthu n'kuwauza kuti akaona chitsulo chachilendo asachikhudze, abwerere poponda m'mapazi awo omwe. Koma wina akandifunsa ineyo ngati ndadya, mawu ankathera pakhosi.

1996, ku Nsadzo

Alangiziwo atayamba kubwerera kwawo, ntchito yomasulira inachepa. Ndinapempha kuti andiphunzitse kufukula mamina. Anthu ankaganiza kuti ndi kulimba mtima, koma chimene chinandikopa ine n'chakuti ndi ntchito yosafuna kulankhula. Munthu amagwada yekha mumzere wake, mnzake wapafupi ali patali ndithu, ndipo aliyense amaletsedwa kumuyankhula. Akuluakulu a ku ofesi anavomera kuti andiyese. A shefi sanakondwe, ndipo amayi sanakondwe kuposa pamenepo.

"Thalauzi, Anastazia? Pakati pa amuna okhaokha, kutchire? Azimayi a ku mphakati ndiwauza kuti chiyani?"

"Muwauze kuti ndikukakonza minda, amayi."

"Minda amakonza ndi khasu. Atate ako akanakhala moyo sukanatero."

Anandipatsabe nsalu yawo ya kapulana yatsopano, yobiriwira, kuti ndizimanga pamwamba pa thalauzilo ndikamadutsa m'mudzi.

Nditamaliza maphunziro ku Tete anatitumiza kufupi ndi Nsadzo, kumene anthu obwerera ankadikira njira ya kuchitsime ndi minda ya m'mbali mwake. Mkazi ndinali ndekha. Tenti yanga anaiimika payokha kuseri kwa khitchini, mwaulemu ndithu, kuti pasakhale zonena. Amuna ankadyera pamodzi pansi pa mtengo, akuseka nkhani za kunkhondo, ndipo ine ndikayandikira ankasiya nkhaniyo pakati n'kundisunthira mpando. Ndinaona kuti ndikuwasowetsa mtendere, choncho ndinkatenga mbale yanga n'kukadyera pakhomo pa tenti. Lamulungu iwo ankapalasa njinga kukafuna mowa, ine ndinkachapa. Zinthu zinkasowa kawirikawiri. Mabatire a makina ofufuzira akatha tinkakhala masiku tikudikira galimoto, mchere unkatha, madzi ankabwera m'migolo yonunkha dizilo. Masiku odikirawo ndiwo ankanditalikira kwambiri, chifukwa kumzere kokha n'kumene kukhala wekha kunali lamulo la aliyense.

Mumzere tinkagwira awiriawiri, wina akufukula, wina atakhala kumbuyo patali kumuyang'anira, kenako n'kusinthana. Mnzanga anali a Zuze, bambo wa ana aakazi okhaokha, wokonda fodya wa mphuno. Ntchito yake ndi iyi: umagwada, kutsogolo kwa maondo ako kuli kamtengo kogoneka kosonyeza pamene nthaka yoyera yathera. Umadula udzu pang'onopang'ono, umayendetsa makina pamwamba pa dothi, ndipo akalira umatenga sonda, kachitsulo kosongoka, n'kumabaya dothi chopendekeka mpaka utamva chimene chilimo. Nthawi zambiri umapeza msomali kapena chitini cha nsomba cha asilikali. Nthawi zina umapeza chinthucho.

Tsono chovala chathu. Kumaso tinkavala vizera, galasi lochindikala lochokera pamphumi mpaka kupitirira chibwano. Pathupi tinkavala koleti, chovala cholemera chophimba kuyambira pakhosi mpaka m'ntchafu, kumsana kuli malamba okha, chifukwa bomba likaphulika limachokera kutsogolo ndi pansi. Koleti ili ndi kolala yoimirira, ndipo mlomo wa m'munsi wa vizera uyenera kulowa m'kati mwa kolalayo. Pakakhala mpata, moto ndi miyala zimadzera pomwepo kufika pakhosi ndi m'maso. A shefi ankabwereza zimenezi m'mawa uliwonse.

Makoleti onse anasokedwera zifuwa za amuna. Pa a Zuze inkagona bwinobwino ngati pa thabwa. Pa ine, ndikaimirira paperete inkaoneka yabwino, koma ndikangogwada n'kuwerama, chifuwa changa chinkaikankhira kutsogolo. Kolala inkachoka pa vizera, m'mbali cha kukhwapa munkayasama, moti dzanja lonse linkalowa. Ndinaona zimenezi sabata yoyamba. Koma kuti ndinene, ndinayenera kutchula mabere anga pamaso pa munthu wa msinkhu wa bambo anga. Inu a masiku ano mwina museka. Ife tinalangizidwa kuti mtsikana akakula, za thupi lake sanena kwa bambo wake. Amauza azakhali kapena anankungwi, iwowo ndiwo amadziwa mokazifikitsira. Pamsasa paja panalibe azakhali. Ndinang'amba nsalu ya amayi ija m'litali mwake, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadzimanga nayo chifuwa mwamphamvu, kuzunguliza kangapo, mpaka koleti itagona monga imagonera pa amuna. Miyezi yozizira zinayenda. Ndinkapuma mosafikitsa, koma ndinazolowera.

Okutobala, chaka chomwecho

Dzuwa la mwezi umenewu mumalidziwa. Tinkayamba ntchito m'bandakucha kuti tiweruke lisanafike pamutu, komabe mu koleti munkakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Tsiku lina makina analira, ndinatenga sonda, ndipo ndikubaya ndinaona udzu ukusanduka woyera. Ndinafuna kukoka mpweya wambiri, nsalu inakana. Zotsatira ndinachita kuuzidwa. Ndinagwera chammbali, dzanja langa lamanja linadutsa kamtengo kaja n'kukagwera pa dothi losafufuzidwa. A Zuze anaimba wezulo, ntchito yonse inaima, ndipo anayenda mumzere wanga n'kundikoka ndi malamba a kumsana. Ndinatsitsimuka pamthunzi, wachipatala wathu, mwamunanso, akufuna kundimasula mabatani a malaya. Ndinagwira malayawo ndi manja onse awiri.

"Ndi dzuwa chabe," ndinatero. "Ndili bwino."

Masana ake a Zuze anamaliza kufukula pamene makina analira. Sanandiuze chimene anapeza, koma ndinamva kuphulika pamene ankachiwononga, ndili m'tenti.

A shefi anandiitana madzulo dzuwa lisanalowe. Anakhala pa bokosi la mabatire, ine ndinagwada chapatali monga tinaleredwera.

"Dzuka, menina, pano si pamudzi. Ukudwala?"

"Ayi."

"Uli ndi pakati?"

"Ayi, a shefi."

"Ndiye ndi zimene ndinawauza a ku ofesi. Thupi la mkazi silingapirire koleti m'dzuwa lotere. Si mlandu wako, ndi chilengedwe. Ine maliro a mwana wamkazi sindikanyamula kupita nawo kwa mayi wake ku Mualadzi. Kuyambira mawa uzithandiza kukhitchini ndi kulandira alendo. Lachisanu tikatha perete ndilankhula ndi ofesi pa wailesi, akuchotse pa mndandanda wa ofukula. Uli ndi mawu?"

Mawu ndinali nawo.

"Ndilibe, a shefi."

Masiku otsatira ndinkasenda anyezi ndi kutsuka mapoto, ndikumva mawezulo a kumzere chapatali. Wophika anali munthu wabwino, ankandifotokozera za mbuzi zake tsiku lonse, ndipo ine ndinkangovomera. Ndinkaganiza zobwerera kwa amayi, kukakhala pakati pa anzanga onditcha Mzambia, ndi kumunsi kwa munda wathu kumene kunali kusanafufuzidwe.

Lachinayi kunabwera alendo ochokera kunja, a m'gulu lopereka thandizo, ali ndi mayi wina wojambula zithunzi. Anali atamva kuti ku Nsadzo kuli mtsikana wofukula mamina. A shefi sanawauze kuti andichotsa. Anandiuza kuti ndivale zonse, ndinyamule makina, ndipo popeza womasulira ndinali ine ndemwe, ndinaima pakati pawo. Anatitengera pamalo amene tinali titayeretsa kale. Ndinagwada, ndinatsitsa vizera. Mayiyo anasuzumira m'kamera yake, anapukusa mutu, n'kulankhula ndi a shefi m'Chingelezi. Onse anatembenukira kwa ine kudikira kumasulira.

Ndinayang'ana mtengo wa kumbuyo kwa a shefi monga ndinkachitira m'midzi.

"Akuti mu koleti ndi vizera ndikufanana ndi amuna enawa. Akuti anthu a kwawo sadzadziwa kuti ndine mkazi. Akupempha kuti ndivule, thupi lioneke."

"Auze kuti palibe vuto, pano ndi poyera," anatero a shefi.

Ndinawauza. Anandipatsa sikipa yoyera yatsopano imene anabwera nayo, ndipo ndinakasintha m'tenti. Inali yothina, nsalu yanga ikanaonekera m'kati, choncho ndinaimasula. Ndinatuluka nditapingasa manja pachifuwa. Mayiyo anandichotsa manjawo mokoma mtima, anandikonza tsitsi, anandigwadika, makina kudzanja limodzi, sonda kudzanja lina, n'kundiuza kuti ndimwetulire. Ofukula anali ataweruka, onse atakhala pamthunzi.

"Eee, kodi tinali ndi mkazi pamsasa pano?" anafuula wina.

"Mina ikamuona chonchi ichita manyazi, siphulika!"

"Zuze, miyezi yonseyi unkayang'anira mzere kapena chiyani?"

Anaseka onse, ngakhale a shefi anabisa pakamwa ndi chipewa. A Zuze okha anali kuyang'ana m'kabotolo kawo ka fodya. Ine ndinamwetulira monga anandiuzira. Chithunzicho sindinachionepo, koma ndikudziwa kuti kwinakwake anthu anaona mtsikana atagwada m'munda wa mamina, nkhope ndi khosi zili pamtunda, n'kukhulupirira kuti ntchitoyi timagwira chomwecho. Iwe Tereza sunalakwe kufuna kuti mkazi adziwike kuti ndi mkazi. Inenso zinkandiwawa kubisala m'chovala cha mwamuna mpaka kulephera kupuma. Koma tsiku limene ndinadziwika, anali atandilanda ntchito, ndipo makina amene ndinanyamula analibe n'mabatire omwe.

Alendo atapita ndinatenga ndowa kupita kumigolo kukachapa. Ndikutikita sikipa ija ndinamva munthu akutsokomola. Anali a Zuze, ataima chondifulatira, ngati akuyang'ana njinga yawo.

"Mayi Anastazia, ine sindikulankhula ndi inu, ndikulankhula ndi njingayi."

"Ndamva, bambo."

"Njinga iwe, ine ndili ndi ana aakazi. Nsalu zobiriwira zong'amba m'litali zimene zimayanikidwa kuseri kwa tenti, ndinaziona kalekale. Ndipo munthu uja nditamukoka ndi malamba, ankapuma ngati nkhuku yomangidwa m'thumba. Dzuwa lokha silichita zimenezo."

Ndinasiya kuchapa.

"Telala wa pa Nsadzo amasoka matenti ndi zishalo," anapitiriza. "Malamba akhoza kuwasuntha, m'mbali akhoza kuwonjezera kuchokera ku koleti ina yong'ambika imene ili m'katundu wathu. Koma katundu ndi wa shefi, popanda mawu ake palibe angamukhudze."

"Bambo, simungakawauze ndinu?"

Anayankha akadali chofulatira.

"Andifunsa kuti ndadziwa bwanji. Mwamva mmene anyamata aja amanenera masana. Ndikatero ndakuonongerani dzina, ndi langa lomwe. Ndikanakhala mayi wanu wamng'ono ndikanapita. Koma ndine Zuze."

Anakwera njinga yawo n'kumapita, ine ndinatsala ndi ndowa. Ndinakwiya nawo pang'ono, kenako ndinaona kuti akunena zoona. Pamsasa ponse panalibe munthu wondinenera. Ndinakhala pa mwala mpaka madzi a m'ndowa atadekha, ndikuganiza za tsikulo. Chinthu chimene ndinachibisa miyezi yonseyo, mpaka kutsala pang'ono kufa nacho, amuna onse a pamsasa anali atachiyang'ana masana onse, a shefi ali pomwepo, chifukwa mlendo wapempha. Ndipo mawu akuti thupi lioneke anatuluka pakamwa panga pomwe, mokweza, chifukwa anali a munthu wina. Manyazi amene ndinkasunga anali atamwazika kale, osandigulira kanthu.

Kulankhula ndinkadziwa kuti sindingathe. Ndikanayamba bwino, a shefi n'kunena kuti sanamve, basi ndikanathera pomwepo. Koma kugwada ndinkatha, inali ntchito yanga. Ndinayanika sikipa, ndinapinda nsalu za amayi zija n'kuziika pansi pa chikwama, ndipo ndinakatenga koleti yanga kumene wophika anaipachika. Ndinatsimikiza kuti m'mawa mwake, perete isanathe ndiponso a shefi asanapite ku wailesi, ndidzatuluka nditavala koleti ndi vizera popanda kudzimanga, ndidzagwada patsogolo pawo monga timagwadira mumzere, ndidzawerama, n'kulowetsa dzanja langa lonse pampata wa pakhosi, ndipo sindidzalichotsa mpaka atayang'ana.